Za Nsapato Zoyendera pa Madzi Oundana

Ife tiri ku Winnipeg, m'dziko la Canada, kumene takhala tsopano zaka 6 pamodzi ndi ana athu awiri. Nkhani imene tifuna kukusimbirani ndi ya nsapato. Kapena ena mudzaseka ndi kunena kuti anthu awa asowa cholemba. Koma nsapato zimenezi zinagwetsa misozi m'nyumba mwathu, ndipo zinatsala pang'ono kutisiyanitsa mitima ndi mwana wathu wachisamba. Chifukwa chache tayesa kuti nkwabwino kuilemba monga momwe inachitikira, osabisa kupusa kwathu.

Tiyambe takuuzani za dziko. Mzinda wa Winnipeg uli pa chidikha chachikulu chopanda phiri, pamene ikomana mitsinje iwiri, Red ndi Assiniboine. Kuyambira mwezi wa November kufikira March kuli chisanu chimene munthu wa ku Dedza, angakhale adzitama kuti adziwa kuzizira, sanachilote nkomwe. M'mwezi wa January alipo masiku ena pamene choyesera kuzizira chitsika kufikira 30 pansi pa ziro, ndipo madzi a m'mitsinje aundana nalimba ngati thanthwe, kotero kuti anthu ayenda pamwamba pache osaopa kumira. Eni dziko sabisala m'nyumba nyengo yonseyi ai. Athira madzi pabwalo usiku, madziwo naundana, ndipo kukacha bwalo lasanduka losalala ngati galasi. Pamenepo ana ndi akulu omwe avala nsapato zao za chitsulo nathamanga motsetsereka, liwiro lache loposa la munthu wa pa njinga.

Pa mabwalo otere ndi pamene asewera hockey. Mbali iyi osewera 6, mbali iyo 6, mmodzi wa iwo nalonda pagolo. Yense ali ndi ndodo yokhota kumapeto, ndipo alimbirana kampira kakuda, kaphwatalala, kolimba kwambiri, kamene akatcha puck, kukula kwache mainchesi 3 ndi kuchindikala inchi imodzi. Masewera oyamba olongosoka a m'nyumba anachitika ku Montreal pa 3 March 1875, ndipo m'chaka cha 1994 nyumba ya malamulo ya Canada inalemba lamulo lakuti hockey ndiwo masewera a dziko a m'nyengo ya chisanu. Tanena izi kuti muzindikire kuti kwa mwana wa kuno hockey si kanthu kakang'ono. Ali ngati mpira wa miyendo kwathu: mnyamata amene sadziwa kusewera aima kunja kwa bwalo, ndipo pa Lolemba anzache akamasimba za masewera a Loweruka, iye akhala chete ngati mlendo.

Momwemo ndi momwe analili mnyamata wathu. Anali ndi zaka 9, mwana wofatsa, wosakonda kupempha. Tsiku lina madzulo tirikudya, anaika supuni pansi nati, "Atate, kodi ine sindingasewere nawo?" Tinayang'anana, pakuti tinadziwa kuti mau amenewa anawasunga mumtima miyezi yambiri. Tinavomera usiku womwewo. Koma walira mvula walira matope: pamene tinaona mndandanda wa zofunika, chisoti cholimba cha kumutu, zotchinjiriza mapewa ndi zigongono ndi misongolo, magolovesi, ndodo, ndi nsapato zomwe, mitima yathu inatsika. Nsapato za osewera otchuka zipitirira madola 1,000, ndipo ife masiku amenewo tinali kuwerenga dola iri yonse kawiri, pakuti kumudzi kunali sukulu fizi ya ana a abale imene inayang'ana ife.

Tsono tamverani nzeru imene tinabwera nayo kuchokera kwathu. Tonse awiri tinakula m'nyumba zimene nsapato ya mwana inagulidwa kamodzi pa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo inagulidwa yaikulu dala, kuti mwana akuliremo. Kutsogolo kwache anatsenderamo mapepala kapena nsanza, ndipo palibe anadandaula. Kukhala ndi nsapato kokhako kunali ulemu wokwanira. Nzeru imeneyi si yopusa ai, inalera ana ambiri, ndipo pa nsapato ya kusukulu tiitsatabe kufikira lero. Kulakwa kwathu kunali kuyesa kuti nsapato iri yonse ndi nsapato.

Loweruka lina m'mwezi wa October tinapita ku holo ya m'dera lathu, kumene makolo agulitsana zida za ana ao zimene zawachepera. Pa tebulo lina tinaona nsapato zakuda zonyezimira, zooneka ngati sizinavalidwe konse, ndipo mtengo wache unali waung'ono wodabwitsa. Tinaziyerekeza ndi nsapato ya kusukulu ya mwana, tinaona kuti nambala yache ipambana ndi ziwiri, ndipo tinakondwera, tinati zimenezi zimfikitsa zaka zitatu. Mwana anazivala ali chikhalire, tinamfunsa ngati zimpweteka, nati iai. Zikanampweteka bwanji, phazi liri kusambira m'kati? Panali makolo ambiri m'holomo amene akanatilangiza mosavuta, koma sitinafunse munthu, chifukwa sitinafune kuoneka alendo osadziwa kanthu. Akulu anati safunsa anadya phula. Pobwera kunyumba tinagula masokosi awiri ochindikala a ubweya kuti adzaze malo otsala, ndipo tinadziyesa anthu ochenjera.

Sabata yoyamba mwana anagwa kosawerengeka, koma onse oyamba agwa, ndipo sitinade nkhawa. Pofika sabata yachinai anzache amene anayamba naye pamodzi anali atayamba kuthamanga ndi kukhota, koma wathuyo anali kukwawabe m'mbali mwa bwalo, akakolo ache atapindikira m'kati ngati mwana wa ng'ombe wobadwa kumene. Tinamva mai wina wa pafupi nafe akunena kuti mwana uyo ali ndi akakolo ofooka, ndipo mau amenewa anatilasa. Mwanayo anayamba kuchedwa kuvala, kenaka anayamba kunena kuti m'mimba mumpweteka tsiku liri lonse la masewera, ndipo potsiriza, madzulo ena tiri m'galimoto, anati safunanso hockey.

Apa ndi pamene pali manyazi athu akulu. Sitinamfunse chifukwa. Tinakumbuka ndalama zimene tinataya, ndipo tinaganizanso kuti kapena anzache amnyoza chifukwa cha khungu lache, pakuti m'gulu lonselo mwana wakuda anali iye yekha. Tsono tinayesa kuti mankhwala ache ndi kumlimbitsa mtima ndi mau aukali. Atate ache anamsimbira za Willie O'Ree wa ku Fredericton, munthu wakuda woyamba kusewera m'ligi yaikulu ya NHL, amene analowa m'bwalo ndi timu ya Boston Bruins pa 18 January 1958. Munthu ameneyu diso lache la kumanja linali losaona, chifukwa puck inammenya zaka zam'mbuyo, koma iye anabisa chilema chachecho, nasewerabe. "Taona," anatero atate ache, "mnzako anasewera ndi diso limodzi osadandaula, iwe uli ndi maso awiri ndi miyendo iwiri, chikuvuta nchiani?" Mwana sanayankhe. Mawa lache anavala nsapato zache napita ku masewera, ndipo sanadandaulenso. Ife tinayesa kuti mau athu agwira ntchito. Inde anagwiradi, koma chimene mwanayo anatolapo pa nkhani ya O'Ree chinali chimodzi chokha, ndicho kubisa.

Panapita masabata atatu. Tsiku lina amai ache, pochapa, anapeza sokosi itakwinyidwa ndi kubisidwa pansi pa zobvala zina, ndipo ku chidendene kwache kunali magazi ouma. Anamuitana mwana namuuza kuti avule. Ku zidendene zonse ziwiri kunali matuza amene anaphulika, napola, naphulikanso, ndipo khungu linali lofiira ngati nyama; pambali pa chala chaching'ono panali chotupa, ndi zikhadabo ziwiri zinali zitada. Pomfunsa chifukwa chache sananene, anayankha kuti, "Amai, ndinamva inu ndi atate mulikuwerenga ndalama usiku." Usiku umenewo sitinagone msanga, ndipo sitinalankhulane zambiri.

M'mawa mwache tinachita chimene tikadachita poyamba: tinafunsa. Mphunzitsi wa timu ya anawo, bambo wa imvi amene agwira ntchito imeneyi osalandira malipiro, anatenga nsapato imodzi, nasolola kachikopa ka m'kati kamene phazi lipondapo, nakaika pansi, namuuza mwana kuti aimepo. Patsogolo pa zala panatsala malo okwanira zala zathu zitatu za kumanja, koma m'mbali phazi linasefukira kunja kwa kachikopako. Nsapatozo zinali zazitali kopambana, ndiponso zopapatiza. Bamboyo anatiuza chinthu chimene mwana ali yense wa kuno achidziwa, chakuti nambala ya nsapato ya hockey sifanana ndi ya nsapato wamba, ndipo kawirikawiri munthu avala yochepera ndi nambala imodzi kapena imodzi ndi theka. Tsono ife amene tinayesa kuti taonjeza nambala ziwiri, tinali titaonjeza zitatu ndi kupitirira. Sanatidzudzule; anangonena kuti iyenso anali kudabwa ndi mwanayo, napepesa kuti sanayang'ane mapazi ache msanga. Kupepesa kwache kunatichititsa manyazi koposa kudzudzula.

Lolani tikhalitse pang'ono pa chifukwa chache nsapato yaikulu ipweteka chotere, pakuti ife tomwe sitinachimvetse kufikira tinachiona ndi maso. Pansi pa nsapato ya hockey pali chitsulo chonga mpeni, kuchindikala kwache ngati mamilimita 3 okha, ndipo thupi lonse la munthu liima pamenepo. Chitsulocho sichinoledwa ngati mpeni wa kukhitchini. Achisema kamgula pakati m'litali mwache, kotero kuti chiri ndi mano awiri, la m'kati ndi la kunja, ndipo wosewera akhota, naima, nathamanga pakupendeketsa phazi kuti dzino limodzi lilume madzi oundanawo. Tsono kuti chitsulo chimvere, phazi ndi nsapato ziyenera kukhala ngati chinthu chimodzi. Phazi likagwedera m'kati, mwendo upendeka koma chitsulo sichitsata, ndipo akakolo apindika. Ndicho chimene anthu achitcha akakolo ofooka, ngakhale nthawi zambiri akakolowo alibe mlandu. Chidendene chikwera ndi kutsika pa sitepe iri yonse, nichikhula khungu. Zala zifumbata pansi kufuna pogwira, mpaka minofu ya kuphazi ikokana. M'kati mwa nsapato muli timaenje tiwiri tofewa topangidwira mafupa a akakolo, koma nsapato ikakula mafupawo sagwera m'malo mwache, nakhulana ndi pouma. Nanga masokosi athu a ubweya aja? Anakwinyika, nasunga thukuta, ndipo thukuta linazizira. Mwana anamva chisanu koposa anzache obvala sokosi imodzi yopyapyala. Tinamva pambuyo pache kuti Bobby Orr, mmodzi wa osewera opambana onse, anali kusewera wopanda sokosi konse.

Mphunzitsiyo anatilozera kasitolo kena kakang'ono, ndipo tinadikira masabata awiri kuti zilonda zipole. Tinapita madzulo, chifukwa anatiuza kuti phazi litupa pang'ono dzuwa likapendeka, ndipo nkwabwino kuliyesa pamene lakula. Mwini sitolo anali nkhalamba yosafulumira. Sanayambe ndi kutionetsa nsapato ai. Anamkhazika mwana pa benchi, namvula, nayang'ana mapazi ache nthawi yaitali ngati sing'anga. Kenaka anamuimiritsa, nayesa phazi liri lonse pa lokha, m'litali ndi m'lifupi. Anapeza kuti la kumanzere lipambana linzache pang'ono, nati tiyese potsata lalikululo. Anapezanso kuti phazi la mwana wathu ndi lotambalala kutsogolo, ndi lokwera pamsana. Pamenepo atate ache anayang'ana mapazi ao omwe, amene anayenda opanda nsapato kufikira Sitandade 6, naseka kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri. Nkhalambayo inatifotokozera kuti nsapato zimenezi zipangidwa za mifupi yosiyana, ina yolembedwa D, ndiyo ya pakati, ina EE, ndiyo yotambalala, ndi kuti opanga ena masiku ano alemba manambala 1, 2 ndi 3 kusonyeza kukula kwa malo a m'kati.

Anatulutsa mitundu itatu. Pa uli wonse anachita chimodzimodzi, ndipo tilemba pano kuti wina wa inu amene adzafika ku maiko a chisanu asadzavutike monga ife. Zingwe ziri zomasula, anamuuza mwana kuti akankhire phazi kutsogolo kufikira zala zikhudze kumapeto, ndipo iye anapisa chala chache kumbuyo kwa chidendene. Chala chimodzi chikalowa mothina, anati, malo amenewo akwanira mwana wokula. Zikalowa ziwiri, nsapato yakula. Kenaka anamuuza kuti amenye chidendene pansi kuti chikhazikike kumbuyo, natenga pensulo naigoneka chopingasa pa mabowo a zingwe, achitatu kuchokera pamwamba. Pa nsapato yoyamba pensuloyo inagunda msana wa phazi nigwedera, osakhudza mbali zonse ziwiri. Nkhalamba inapukusa mutu niti nsapato iyi njosaya, zingwe zidzamluma. Yachiwiri inapambana mayeso a pensulo, koma atamanga zingwe ndi kumuyendetsa mwana, chidendene chinali kunyamuka. Yachitatu ndiyo inakhala. Ataimirira chiriri, mwana anati zala zache zikhudza kutsogolo pang'ono, ndipo ife tinadzidzimuka, tinati yachepa. Koma nkhalamba inamuuza kuti apinde maondo monga achita posewera, ndipo pomwepo zala zinabwerera m'mbuyo. "Ndi momwemo," inatero. Inamsiya atazivala mphindi 15, akuyendayenda m'sitolo, ndipo inamfunsa katatu konse kuti aloze ndi chala pamene pampweteka. Sinafunse ife. Tinaona kuti poyamba mwana anayang'ana nkhope zathu asanayankhe, ndipo amai ache anamuuza m'chinenero chathu kuti, "Nena zoona, mwanawe, za ndalama zisiyire ife."

Chimene chinatidabwitsa nchakuti nsapato yachitatuyo sinali ya mtengo wapatali. Atate ache, pofuna kulipira mlandu wao, analoza ina yokongola ya pamwamba pa shelefu nafunsa ngati siingakhale yabwino koposa. Nkhalamba inakana. Inati nsapato za mtengo zipangidwa zouma kwambiri, chifukwa ndi za amuna olemera amene athamanga ndi mphamvu. Mwana wopepuka sangathe kuipinda, ndipo adzayenda ngati mwendo uli m'chikhakha. Wamalonda wokana ndalama sitinamuone kawirikawiri, kuno kapena kwathu.

Zitatha izi anachita chinthu chimene tikachisimba kumudzi anthu sadzakhulupirira: anaphika nsapato. M'sitolomo muli kauvuni kopangidwira ntchito imeneyi, ndipo anaziikamo mphindi zowerengeka kufikira zinafewa. Anamveka mwana zikali zofunda, namanga zingwe mosamala, pokokera kumbali osati m'mwamba kuti mabowo angang'ambike, namuuza kuti akhale pansi osaimirira kufikira zitazizira. Nsapato za masiku ano sizili za chikopa monga kale, koma za nsalu zolimba ndi mapulasitiki amene afewa ndi moto, ndipo pozizira asunga maonekedwe a phazi la mwini. Anatichenjeza kuti mwana asasewere nazo kufikira litapita tsiku lathunthu, ndiponso kuti tisayese kuchita zimenezi mu uvuni wa buledi kunyumba. Potsiriza ananola zitsulo, pakuti nsapato yatsopano ibwera yosanola.

Pamene tinali kudikira, nkhalambayo inatifunsa ngati tidziwa mzinda wa Brandon, umene uli ngati makilomita 200 kumadzulo kwa Winnipeg. Kumeneko, m'chaka cha 1905, kunali wosoka nsapato dzina lache George Tackaberry, ndipo mnansi wache anali wosewera waukali wotchedwa Joe Hall, amene anadandaula kuti nsapato zache sizitha nyengo imodzi zisanaphwasuke. Tackaberry anayesa mapazi a mnansi wacheyo bwino lomwe, namsokera nsapato za chikopa cha kangaroo, nyama ya ku Australia, chifukwa chikopa chimenecho sichitanuka msanga ndi chinyontho. Analimbitsa ku chidendene ndi ku zala, nafupikitsa khosi la nsapato kuti mwendo upindike momasuka. Osewera ena ataona anafuna zomwezo, ndipo mbiri inawanda dziko lonse. Tackaberry atamwalira mu 1937, kampani ya CCM inatenga luso lachelo, ndipo dzina lakuti Tacks lilembedwabe pa nsapato zao. Joe Hall mwini anafa mu 1919 ku Seattle, atadwala pakati pa masewera olimbirana Stanley Cup, ndi chimfine chachikulu chija chimene chinapululanso anthu kwathu m'zaka zomwezo. Tinakondwera kumva kuti nsapato yotchuka chotere inayamba ndi mmisiri wogwada pansi kuyesa phazi la mnansi wache, monga momwe achitira osoka nsapato a pansi pa mtengo ku msika wa kwathu. Kale lomwe, m'zaka za 1860, kampani ya Starr ya ku Dartmouth, ku Nova Scotia, inali kupanga zitsulo zokha, zimene munthu anazipanikiza pansi pa nsapato yache ya masiku onse. Tsono phazi linali m'nsapato yozolowera, ndipo bvuto lathuli linadza pamene chitsulo ndi nsapato zinakhala chinthu chimodzi chogula m'sitolo.

Musayese kuti mabvuto anathera pomwepo. Atate ache, atamva kuti phazi lisagwedere, anayamba kumanga zingwe ndi mphamvu yao yonse kuyambira pansi kufikira pamwamba, nazunguliza zotsala pa akakolo. Patapita masiku ochepa mwana anati kutsogolo kwa mwendo, pamene lilime la nsapato ligona, pakutentha ngati moto, ndi zala zichita dzanzi. Koma taonani kusiyana kwache: ananena tsiku lomwelo. Mphunzitsi anationetsa kuti ku zala zingwe zikhale zomasukirapo kuti magazi ayende, pa khosi la phazi zikokedwe zolimba kuti chidendene chikhale m'malo, ndipo pamwamba penipeni zisathine kwambiri kuti bondo lipite kutsogolo. Za kuzunguliza zingwe pa akakolo analetsa. Panatsalanso malo amodzi pambali pa phazi la kumanzere pamene kafupa kanali kukhula. Tinabwerera kwa nkhalamba ija, nifunditsa malowo, nikankha khoma la nsapato ndi chopanira chachitsulo kufikira panachita kachulu kakang'ono kunja, ndipo sinalandire kanthu. Tinaphunziranso kusolola tizikopa ta m'kati ndi kuumitsa nsapato pa mphepo masewera akatha, osaziika pa moto, ndi kupukuta zitsulo kuti zingachite dzimbiri.

Sitidzanena kuti mwana wathu anasanduka katswiri. M'chaka chimenecho anagoletsa kamodzi kokha, ndipo ngakhale pamenepo puck inachita kumgunda pa mwendo nilowa yokha. Koma akakolo ofooka aja anaongoka m'sabata imodzi. Mwezi wa February, Lamulungu lina masana, tinapita naye ku The Forks, pamene mitsinje iwiri ija ikomana, kumene akonza njira yaitali yotsetserekapo pamwamba pa mtsinje. Anzache awiri a m'timu anali komweko, namuitana ndi dzina lache ali patali. Anatisiya pa gombe osacheuka, ndipo tinamuona alikuchepa pakati pa khamu la anthu kufikira sitinathe kumzindikira. Tinaima pamenepo ola lathunthu, mapazi athu omwe atachita dzanzi ndi chisanu, ndipo panalibe mmodzi wa ife amene anati tiyeni kunyumba.

Nsapato zabwinozo anazivala miyezi 11 yokha, phazi linakula, ndipo tinazigulitsa ku holo komwe kuja pa theka la mtengo wache. Ndalama zimenezo tinaonjezera pogula zina. Kuwerenga zonse pamodzi, njira imeneyi sinatidyere zambiri kuposa nzeru yathu yoyamba ija, imene inatigulitsa nsapato kawiri m'nyengo imodzi. Tsopano mwezi wa October uli wonse amai ao aimika ana onse awiri pa pepala, nalemba mapazi ao ndi pensulo, nalemba chaka pambali, ndipo mapepalawo asungidwa m'bokosi limodzi ndi makalata a kumudzi.

Nsapato zonyezimira zija sitinazigulitse, chifukwa atate ache anati tizisunge, mwana adzakuliramo ndithu. Mwezi wathawu tinazitsitsa pa shelefu, ndipo mnyamatayo, amene tsopano ali ndi zaka 11, anasolola yekha kachikopa ka m'kati naimapo. M'litali zamkwana bwino lomwe. M'lifupi phazi lisefukirabe monga kale, ndipo anatiuza mosaopa kuti sadzazivala. Mlongo wache wa zaka 7, amene phazi lache ndi lopapatiza ngati la amai ache, wazitenga naziika pansi pa kama wache, ndipo Loweruka liri lonse abwera nazo kuti tipise chala kumbuyo kwa chidendene; kufikira lero mulowa dzanja lonse.